Kodi Umodzi Uli ndi Mpanda?

Pali funso limene silichedwa kutuluka gulu lophunzira likakumana kwa miyezi iwiri kapena itatu. Timaphunzira kuti mtundu wa anthu ndi umodzi, kuti Mchewa wa ku Mua, Mngoni wa ku Mtakataka ndi Myao wa m'mphepete mwa nyanja onse ndi a banja limodzi. Kenaka wina amafunsa kuti, ngati zilidi choncho, n'chifukwa chiyani Thumba la Chipembedzo sililandira ndalama kwa munthu amene si Mbahá'í, ngakhale atapereka ndi mtima wake wonse? N'chifukwa chiyani nkhani za zipani timazisiya panja? Nanga bwanji posankha anthu asanu ndi anayi a Bungwe Lauzimu amaponya voti ndi okhulupirira okha? Kodi imeneyi si mipanda yomwe ija timati tikugwetsa?

Wofunsa chotere sakuchita chipongwe, ndipo sayenera kuyankhidwa mothamanga. Makolo athu nawonso nkhaniyi inawavuta. Amene anatisiyira mwambi woti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa ndi omwewonso anatichenjeza kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambi wina ukuti tsegulani, wina ukuti samalani, ndipo yonse iwiri ndi yoona. Chimene miyambiyi sinena ndi nthawi yoyenera kumvera uwu ndi nthawi yoyenera kumvera uwo.

Bahá'u'lláh ali mkaidi ku 'Akká, kumene anafika mu 1868, analembera kalata Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ndipo m'kalatamo anayerekeza dziko lapansi ndi thupi la munthu limene linalengedwa langwiro koma ladwala. Mu 1964 Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inagwiritsanso ntchito fanizo lomweli pofotokoza kuti wokhulupirira aliyense ali ndi gawo lake, monga momwe selo lililonse lilili ndi ntchito yake m'thupi. Popeza 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti chipembedzo ndi sayansi ziyenera kugwirizana, si kulakwa kuti fanizoli tilitengere kwa akatswiri a sayansi ndi kuwafunsa kuti selo ndi chiyani, ndipo limatani ndi malire ake.

Munthu woyamba kutchula dzina lakuti selo anali Robert Hooke wa ku England, mu 1665. Iye anayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu n'kuona timabowo tondandalikana ngati tizipinda, ndipo dzinali limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kachipinda. Chimene anaona chinali makoma a maselo akufa. Zam'kati zinali zitauma kale. Panapita zaka pafupifupi 170 kuti Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann afike ponena, mu 1838 ndi 1839, kuti zomera ndi nyama zonse zinamangidwa ndi maselo. Lero tikudziwa kuti thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi maselo ofiira a m'magazi. M'kadontho ka magazi kofanana ndi mutu wa phini muli maselo ofiira pafupifupi 5 miliyoni.

Selo lililonse lazunguliridwa ndi khungu lake, nembanemba yopyapyala kwambiri moti mutaunjika 10,000 pamodzi ndi pamene mungafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Khunguli ndi la mafuta. Aliyense amene anathirapo mafuta ophikira mumphika wa madzi amadziwa kuti ziwirizi sizisakanikirana. Koma mafuta a pa khungu la selo ndi a mtundu wina: kalikonse ka tizigawo take kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yothawa madzi. Tikakhala m'madzi timadzifola tokha m'mizere iwiri, michira kuyang'anizana m'kati, mitu kuyang'ana kunja. Mu 1925 akatswiri awiri a ku Netherlands, Evert Gorter ndi François Grendel, anachotsa mafutawa ku maselo ofiira, n'kuwayala pamwamba pa madzi, ndipo anapeza kuti akukwanira kukuta maselowo kawiri. Apa ndi pamene maganizo a mizere iwiri anayambira. Mu 1972 Singer ndi Nicolson anaonjezera kuti khunguli si louma ngati chipupa cha njerwa. Limayenderera ngati mafuta, ndipo mapuloteni amayandama m'menemo monga mabwato panyanja.

Mapuloteni amenewa ndiwo zipata. Mpweya wa okosijeni umadutsa m'mafutamo popanda chipata, koma mchere ndi shuga sizingadutse zokha. Pali chipata cha sodiyamu, cha potaziyamu, cha kolorayidi, cha shuga, chilichonse chodziwa katundu wake; zina zimakhala zotsegula, zina zimatsegulidwa pokhapokha uthenga ukafika. Ngakhale madzi ali ndi zipata zawo, zimene Peter Agre wa ku America anazitulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Madzi amatsata mchere: kumene kuli mchere wambiri ndi kumene amakokedwera. Izi alimi a kuno amazidziwa ngakhale sanalowepo mu labotale. Feteleza akaikidwa pafupi kwambiri ndi phesi, nthaka ili youma, chimanga chimapsa, chifukwa madzi amatuluka m'mizu kutsata feteleza uja. Mayi akawaza mchere pa tomato woduladula, mbale imadzaza madzi.

Palinso zipata zina zimene zimakankha katundu kupita kumene sakanapita yekha. Jens Skou wa ku Denmark anapeza mu 1957, pofufuza mitsempha ya nkhanu, pampu imene imatulutsa tizigawo titatu ta sodiyamu n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu, usana ndi usiku, osapuma. Chifukwa cha pampuyi m'kati mwa selo mumakhala mosiyana ndi kunja, ndipo kusiyanako ndi mphamvu yosungidwa. Amene anaonapo malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, akudziwa kuti pali mabatire osunga mphamvu. Batire limagwira ntchito malinga ngati mbali zake ziwiri zili zosiyana. Zikafanana timati latha. Selo nalonso ndi batire laling'ono, ndipo mtima umagunda ndiponso ubongo umaganiza ndi mphamvu imeneyi. Mtengo wake si wochepa. Pa mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limathera pa pampu imeneyi. Ntanda umodzi wa nsima mwa isanu timadyera kusunga malire.

Selo limene m'kati mwake mwafanana ndi kunja ndi selo lakufa. Mfundo iyi tiisunge, chifukwa ikukhudza funso lathu mwachindunji. Chambo chimakhala m'madzi a nyanja moyo wake wonse, koma magazi ake ali ndi mchere wochuluka kuposa madziwo. Madzi amalowa m'thupi mwake nthawi zonse kudzera m'ziwalo zofiira zija zimene chimapumira, ndipo chimawatulutsa pokodza kwambiri, uku maselo ena a m'ziwalo zomwezo akutola mchere wochepa umene uli m'nyanjamo. Chambo sichingakhale kunja kwa nyanja, koma tsiku limene chidzafanane ndi nyanja ndi tsiku limene chidzayandame chagada. Gulu la anthu lofuna kutumikira mudzi lili pa malo ofanana. Liyenera kukhala m'mudzimo, kupita kumaliro ake, kumwa pa mjigo wake, kukwatira ndi kukwatiwa m'menemo. Koma ngati miseche, ziphuphu ndi tsankho zili m'gululo pa mlingo womwewo umene zili kunja, ndiye kuti lilibe chopereka kwa mudziwo.

Mpaka pano fanizoli likuoneka ngati likuikira kumbuyo mipanda. Nkhani ya kolera ikutisonyeza mbali ina. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madera a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la amene anavutika kwambiri. Ambiri a ife tikudziwa banja limene linaika maliro mwachangu, opanda mwambo wonse. Koma ndi ochepa amene anafotokozeredwa chimene chimachitika m'mimba mwa wodwalayo.

M'kati mwa matumbo mwayalidwa mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo mzere umenewu ndiwo umalekanitsa chakudya ndi magazi. Kachilombo ka kolera sikaboola mzerewu, sikadya maselo, ndipo sikalowa m'magazi. Kamangokhala pamwamba n'kumatulutsa poizoni. Poizoniyo amadziphatika pa kachizindikiro kena ka pa khungu la selo, ndipo selo lenilenilo ndi limene limamulowetsa, ngati katundu wamba. Akalowa amasokoneza uthenga umene umalamulira chipata cha kolorayidi, moti chipata chimene chimayenera kutsegulidwa pang'ono n'kutsekedwa chimangokhala pululu. Mchere umakhuthukira m'matumbo, madzi n'kutsatira. Wodwala kwambiri akhoza kutaya lita imodzi pa ola, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamphamvu amene anadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe. Khungu la maselo ake ndi lathunthu, silinang'ambike paliponse. Chavuta ndi chipata chimodzi chimene chasiya kumva.

Chimene chimabwera m'maganizo a munthu wosadziwa ndi kuleka kumupatsa wodwalayo madzi, poganiza kuti zolowa zikachepa zotuluka zichepanso. Maganizo amenewa aika m'manda ana ambiri pa dziko lapansi. Mankhwala enieni anachokera kwina. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo muli chipata chimene chimalowetsa sodiyamu ndi shuga wa gulukosi pamodzi. Chimodzi chikafika chokha, chipatacho sichiyenda. Akatswiri ena anadzapeza kuti poizoni wa kolera sachikhudza chipata chimenechi. Choncho mukamwetsa wodwala madzi okhala ndi mchere ndi shuga pa mlingo woyenera, ziwirizi zimalowa limodzi, ndipo madzi amatsatira kubwerera m'magazi. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis anali pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, kolera ikupha anthu, madiripi atatha. Anasungunula mchere ndi shuga m'migolo, n'kuuza abale a odwala kuti azimwetsa anthu awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa ochepera anayi. Paketi ya Thanzi imene timasungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndi mwana wa nzeru imeneyi.

Nkhani ya kolerayi ikufanana modabwitsa ndi matenda a magulu a anthu. Chimene chimawononga gulu nthawi zambiri sichithyola mpanda. Miseche imalowa pa chipata cha ubwenzi: "Ndikukuuzani inu nokha, poti ndinu m'bale wanga." Womva amaitenga yekha n'kuilowetsa, ndipo ikalowa chipata cha pakamwa pake chimasiya kutsekeka. Chikhulupiriro cha pakati pa anthu chimayamba kutayika mwachangu kuposa mmene chingabwezeretsedwere. N'kutheka kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Bahá'u'lláh, m'buku la malamulo la Kitáb-i-Aqdas, analetsera miseche pa ndime yomweyo imene analetsera kupha ndi chigololo, ndiponso chimene buku loyamba la Ruhi limatiimitsira pa nkhaniyi tisanapite patali. Tinaonanso zofanana ndi zimenezi pa nthawi ya mliri uja, pamene mphekesera zinachititsa anthu m'maboma ena kuukira azaumoyo amene ankawathandiza.

Gulu likavulazidwa chotere limafuna kutseka zonse: osalandiranso alendo, osakambirananso nkhani zovuta, aliyense azingopemphera n'kumapita kwawo. Uku ndi kumana madzi wodwala kolera. Chofunika ndi kufufuza chipata chimene chikadali chamoyo, kaya ndi kuyenderana m'makomo, kaya ndi kalasi ya ana kumene amayi awiri osalankhulana amatumizabe ana awo, n'kulowetsa pamenepo zimene zatayika. Ndipo si zoipa kukumbukira kuti pa chipata chija mchere sulowa wokha. Choonadi chowawa chonenedwa popanda chifundo chimangodutsa osalowa. Koma azaumoyo amatichenjezanso kuti shuga akachuluka m'madzi aja, kutsekula m'mimba kumawonjezeka, chifukwa shuga wotsala amakokera madzi m'matumbo. Kukambirana kongodzaza ndi mawu okoma, kopanda amene angatchule vuto ndi dzina lake, nakonso kumadwalitsa.

Malungo, matenda athu a tsiku ndi tsiku kuno kuchigwa, amachita mwa njira ina. Kachilombo kake kamalowa m'kati mwa selo lofiira n'kubisala m'menemo kwa maola pafupifupi 48, kakuchulukana, kufikira selolo litaphulika. Kali m'katimo kamasintha khungu la selo: kamatsegula zipata zatsopano zolowetsera chakudya chake, ndiponso kamameretsa timabampu tomata kuti selolo likakamire m'mitsempha ing'onoing'ono, lisafike ku kapamba kumene maselo owonongeka amachotsedwa. Zikachitika mu ubongo wa mwana ndiye malungo aakulu aja okomola, amene madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuwafufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Kunja selolo likuonekabe lathu, koma zipata zake zikutumikira wina.

Apa tikhoza kuyamba kumvetsa lamulo la Thumba. Sitikunena kuti mnzathu wofuna kupereka ali ndi cholinga choipa. Kawirikawiri mtima wake ndi woyera. Nkhani ndi yakuti ndalama imasintha zipata za wolandira. M'midzi mwathu taona makomiti amene ankakumana mokhulupirika pamene kunali alawansi, n'kufa sabata imene pulojekiti inatha, ndipo taonanso misonkhano imene mwini thumba sangatsutsidwe. Gulu limene limamanga ndi makobiri ake, ngakhale akhale a usipa wochepa kapena a thumba limodzi la mpunga, limakhala ndi ufulu wonena zoona kwa aliyense. Mnzathu uja saletsedwa kuthandiza pa ntchito zachifundo zothandiza anthu onse. Nkhani ya zipani ndi chimodzimodzi: wa chipani chilichonse ndi wolandiridwa pa mphasa yathu, ndipo kuti onse akhalepo momasuka mbendera zimatsala panja.

Komabe fanizo ili lili ndi ululu wake, ndipo tingachite mwachinyengo titaubisa. Kulankhula za gulu la anthu ngati thupi, ndi za ena ngati tizilombo tolowerera, ndi chilankhulo chimene chaphetsa anthu ambiri. Ku Rwanda mu 1994 anthu anayamba atchedwa mphemvu asanaphedwe. Ku South Africa mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa zipolowe zina. Midzi yambiri ya kuno ili ndi ana ake ku Joni, ndipo imadziwa kuwawa kwa kutchedwa wobwera. Kwathu konkuno mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera, ndipo agogo akupitirira kumenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba powaganizira ufiti. Onse ochita zimenezi amakhulupirira kuti akuteteza mudzi. Thupi nalo limadwala matenda otere. Mwana akadwala zilonda zapakhosi za mabakiteriya ena osalandira mankhwala, nthawi zina asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya mtima wa mwanayo, pouyesa mdani. Ana ambiri m'dziko muno ali ndi mitima yowonongeka mwa njira imeneyi, ndipo amene anaiwononga ndi chitetezo chawo chomwe.

Choncho sitingangotenga zochitika m'chilengedwe n'kuzisandutsa lamulo la khalidwe. Mu 1921 'Abdu'l-Bahá analembera kalata Auguste Forel, katswiri wa ku Switzerland wa za ubongo ndi za nyerere, ndipo mwa zina anafotokoza kuti chilengedwe ndi chomangidwa ndi malamulo ake ndipo chilibe kufuna, pamene munthu ali ndi nzeru ndi ufulu wosankha. Selo silisankha kanthu. Chipata chake chimatsegukira chilichonse chimene chikukwana pa loko, kaya ndi chakudya kaya ndi poizoni, ndipo sitingaliyamikire kapena kulidzudzula. Poizoni wa kolera sangalape. Adzakhala poizoni mpaka kalekale. Munthu amatha kusintha, ndipo chipembedzo chilichonse chaima pa chikhulupiriro chimenechi. Pa chifukwa ichi, pa zinthu zonse zimene mpanda wathu ungatsekere kunja, munthu sangakhale chimodzi mwa izo. Mowa utsale panja, koma bambo amene akulimbana nawo alowe. Mawu onyoza mtundu wina atsale panja, koma wowanena akhale pansi, amve, aphunzire. Ngakhale pa Phwando la Masiku Khumi ndi Asanu ndi Anayi, lomwe ndi msonkhano wa okhulupirira, mlendo akafika sabwezedwa pakhomo. Dongosolo ndi limene limasinthidwa kuti iye alandiridwe.

Sayansi yomweyi, ikafunsidwa bwino, siikira kumbuyo tsankho. Pa khungu la maselo ofiira pali tizizindikiro timene timasiyanitsa magazi a munthu ndi a mnzake, timene Karl Landsteiner anatulukira ku Vienna mu 1901. Ndiwo magulu aja a A, B ndi O, ndipo la AB linapezeka chaka chotsatira. Pa thumba la magazi lopachikidwa pambali pa mayi amene wataya magazi pobereka salembapo kuti Mchewa, Mngoni kapena Myao, Mkhristu kapena Msilamu. Magazi a mchemwali wake wobadwa naye akhoza kumupha, ndipo a munthu wachilendo wa ku Karonga akhoza kumupulumutsa. Malire amene thupi limawadziwa sayenda m'mizere imene ife tinajambula.

Ndiye pali nkhani ya mamitokondiriya, tizigawo ta m'kati mwa selo timene timaotcha chakudya n'kutulutsa mphamvu, yomwe ija imayendetsa pampu. Tili ndi makungu awiri ndi DNA yathuyathu yosiyana ndi ya selo lonse. Mu 1967 Lynn Margulis anafalitsa maganizo, amene poyamba anakanidwa ndi ambiri koma tsopano ndi ovomerezeka, akuti timeneti kalekale tinali mabakiteriya odziimira paokha amene analowa m'selo lina n'kukhazikika. Tizigawo tobiriwira ta m'masamba, timene timasandutsa dzuwa kukhala mpunga wa pa sikimu ya Bwanje Valley, tinabweranso mwa njira yomweyo. Mlendo uja wa kalumo kakuthwa ali m'selo lililonse la mnofu wathu. Ndipo kwa ife a mbumba pali kena kosangalatsa: mamitokondiriya munthu amatengera kwa mayi ake okha, mayiwo kwa mayi awo, kubwerera m'mbuyo osadukiza.

Mbiri ya dera lathu ikusonyeza kuti mipanda ya anthu imatha kuphunzira, chinthu chimene khungu la selo silingachite. Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, panali zaka zambiri za kukangana koopsa pakati pa mishoni ndi Nyau, mbali iliyonse ikuona inzake ngati chowononga. Pa malo omwewo, mu 1976, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, ndipo lero nyumba yosungira za makolo ya Chamare imasunga ndi kufotokoza mwaulemu chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Tchalitchi chikadali tchalitchi ndipo dambwe likadali dambwe. Maselo a mtima amachita chimodzimodzi: lililonse lili ndi khungu lake, koma pakati pawo pali timipata tolumikiza, ndipo n'chifukwa chake amagunda pamodzi.

Pali malo amodzi pamene mfundo yathu yoti munthu satsekeredwa kunja imayesedwa kwambiri. Nanga ngati khalidwe la munthu likuvulaza ana? Pamenepa chipata chiyenera kutsekedwa ndithu, ndipo chikondi chimene chingasiye mwana pa ngozi poopa kukhumudwitsa wamkulu si chikondi. Inkosi Theresa Kachindamoto ya konkuno inathetsa maukwati a ana mazanamazana, inaimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawaloleza, ndi kubwezera atsikana kusukulu. Panali anthu amene anakwiya, koma mpanda umenewo unateteza amene analibe mawu. Chimene ziphunzitso zathu zimaonjezera ndi kugawa ntchito. Munthu payekha akulangizidwa kuyang'ana zabwino za mnzake ndi kukhululuka zimene iye mwini walakwiridwa. Kuweruza ndi kuteteza ndi ntchito ya Bungwe Lauzimu, lomwe limamva mbali zonse ndi kukambirana, ndipo pamene lamulo la dziko laphwanyidwa ndi ntchito ya apolisi ndi makhoti. Zipolowe zonse tatchula zija zinachitika pamene aliyense anadzisandutsa msilikali ndi woweruza nthawi imodzi. Ndipo ngakhale munthu wotsekeredwa chipata cha kalasi ya ana akadali munthu. Akadwala ayenera kuzondedwa, akafedwa tiyenera kukagona pa siwa.

Tisanapite ku gawo lotsatira la buku lathu, gulu lililonse likambirane nkhani yongoyerekeza iyi. Pa gulu lina la ophunzira asanu ndi atatu pali mayi wamasiye amene amabwera mokhulupirika, amaloweza ndime msanga kuposa onse, ndipo ndi iye amene amasesa ndi kuyala mphasa. Koma zonse zokambidwa pa gulupo zimamveka pa mjigo mawa lake, zitawonjezeredwa. Mtsikana wina amene anaulula za mavuto a kunyumba kwawo wasiya kubwera, ndipo awiri ena ayamba kukhala chete. Mayiyo alibe kwina kumene amalandiridwa, chifukwa abale a malemu mwamuna wake anamulanda munda ndipo ena m'mudzimo amamunong'ona za ufiti. Wotsogolera gulu akudziwa zonsezi. Ndani apite kukalankhula ndi mayiyu, apite ndi ndani, ndipo akayambe ndi mawu otani? Nanga mtsikana uja, amene palibe wamufunsa chifukwa chimene anasiyira, ndani akamuyendere sabata ino?